Julius Chongo: Munthu Mmodzi wa Mau Ambiri

Omvera ambiri a ku Migodi, a mu Lusaka ndi a m'midzi ya kum'mawa, monga ku Pembamoyo m'boma la Vubwi, akumbukirabe pulogalamu ya Poceza m'Madzulo. Inali kumveka pa wailesi ya Zambia Broadcasting Services m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo mwini wace anali malemu a Julius Chongo. Munthu womvera koyamba anali kuyesa kuti m'nyumba youlutsira mau mwasonkhana khamu: mfumu, nkhalamba, mkazi wolongolola ndi mnyamata wa m'tauni. Koma onsewo anali kuturuka pakamwa pa munthu mmodzi.

Wailesi inayamba mu Lusaka m'caka ca 1941, pa nthawi ya nkhondo. M'caka ca 1949 kunafika kawailesi kotsika mtengo, Saucepan Special, ndipo anchito ambiri anakhoza kukagula. Televizyoni inayamba ku Kitwe mu 1961, koma inali ya anthu owerengeka, ndipo cinenero cace cinali makamaka Cingerezi. Cotero bwalo lalikuru la wocita masewero a Cinyanja linali wailesi.

Nchito ya pa wailesi ili ndi bvuto lace. Kumudzi, wokamba nthano athandizidwa ndi nkhope, manja ndi maso, ndipo akati "Padangokhala," omzinga ayankha "Tili tonse." Pa wailesi palibe womuona, palibenso womuyankha. Zonse ziyenera kunyamulidwa ndi liu lokha.

A Chongo anagonjetsa bvutoli m'njira zitatu. Coyamba, munthu aliyense wa m'nkhani anali kumpatsa liu lacelace. Nkhalamba inali kulankhula monjenjemera, mfumu mwaulemu ndi mosafulumira, wonyenga mothyathyalika. Omvera sanafunike kuuzidwa kuti tsopano alankhula ndi uje. Anali kumzindikira okha.

Caciwiri, anali katswiri wa mau oonetsa zinthu, amene Cinyanja cili nao ocuruka. Munthu akagwa kuti khu! kapena akakhala cete kuti zii, womvera aona cinthuco ngati cili pamaso pace. Mau otere anali kugwira nchito ya zithunzi. Dzina la buku lao, Fumbi Khoboo!, lionetsa luso lomwelo.

Cacitatu, sanakhale pa nthano za makolo zokha. Pamodzi ndi nkhani za Kalulu ndi Fisi anali kukambanso za moyo wa makono: ukwati, mowa, ndalama, ufiti, ndi mabvuto a munthu wocoka kumudzi kudza ku tauni. Omvera anali kuseka, koma m'kuseka momwemo anali kulandira mwambo.

Nchito yao siinatayike yonse. A Ernst Wendland, amene anali mphunzitsi wa pa Lutheran Seminary mu Lusaka, anaifufuza bwino, nalemba za iyo m'maphunziro ao a pa University of Wisconsin mu 1979. M'caka ca 2004 zina mwa nkhanizo zinasindikizidwa ndi University of Zambia Press, m'Cinyanja ndi m'Cingerezi.

Komabe buku silingathe kusunga liu. Mwana wobadwira ku Kitwe kapena ku Mufulira, amene sanakhalepo pamoto ndi agogo ace, adziwa Cinyanja ca pa msika ndi ca m'basi, koma miyambi ndi mau oonetsa zinthu sazimva kawirikawiri. A Chongo anaonetsa kuti cinenero ca makolo cikhoza kulowa m'makina a Azungu osataya kukoma kwace. Akuru anati mau a akuruakuru akoma akagonera. Kholo lofuna kuti ana ace adziwe kukoma kumeneku lisadikire wailesi: liyambe lokha kuwakambira nthano madzulo, ndi kupatsa Kalulu ndi Fisi aliyense liu lace.