Injini Ikamadukiza: Pezani Gwero Musanagule Sipeya

Mabanja ambiri a m'madoko timadalira injini ziwiri. Ina ili kumbuyo kwa boti la chilimira, ina ili m'pikapu kapena m'lole yonyamula nsomba kupita kumsika wa Limbe. Zonse ziwiri zimagwidwa ndi matenda amodzi: injini imalira ndithu, koma ikudukiza, kunjenjemera ndi kuchepa mphamvu. Amakaniko amati ikupanga "missing". Vutoli limadya ndalama kawiri. Nsomba zaziwisi zikachedwa panjira ayezi amasungunuka ndipo mtengo umagwa. Kenaka mwini galimoto amayamba kugula sipeya mongoyerekeza, lero mapulagi, mawa koyilo, mkuja pampu ya mafuta, koma kudukiza kuli pomwepo.

M'silinda iliyonse ya injini ya petulo mumafunika zinthu zitatu: moto wochokera ku pulagi, mafuta osakanizika bwino ndi mpweya, ndiponso mphamvu ya pisitoni yopanikiza zimenezi. Chimodzi chikasowa, silinda imeneyo siphulitsa. Tsono mafunso ndi awiri okha. Ndi silinda iti ikulephera? Nanga chikusowa n'chiyani mwa zitatuzi?

Chifukwa chake vuto limabisala pagaraja

Ku Mangochi tili pamtunda wa mamita pafupifupi 480 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe Limbe ili pamwamba pa mamita 1,000. Galimoto yodzaza madengu a usipa kapena mabokosi a chambo imayenda chokwera pamsewu wa M3 ikangodutsa Liwonde, kudzera ku Machinga, Zomba, Namadzi mpaka Limbe. Pokwera chonchi m'masilinda mumakhala mothinana kwambiri, ndipo moto wa pulagi umafunika kukhala wamphamvu kuti udumphe. Koyilo yofooka kapena waya wa pulagi wong'ambika zimaonekera pamenepa.

Nsomba zikatsitsidwa, dalaivala amapita nayo galimoto kugaraja ku Naperi kapena ku Zingwangwa. Makaniko amailiza ili chiimire, yopanda katundu, ndipo imalira bwinobwino. Dalaivala akulumbira kuti imadukiza, makaniko sakumva kanthu, ndipo poopa kubweza kasitomala amangosintha mapulagi. Palibe amene wanama, koma galimoto sinayesedwe pamalo pamene imadwalira. Ku Blantyre zitunda sizisowa. Pemphani makaniko akwere nanu, muikemo katundu ngakhale matumba a mchenga, mukwere msewu wolowera ku Soche kapena ku Chilobwe, adzimvere yekha.

Choncho dalaivala azisunga m'mutu nthawi imene injini imadukiza, chifukwa theka la yankho lili pamenepo. Ikamadukiza pokwera mtunda kapena mukaponda moto mwadzidzidzi, yambani kukayikira pulagi, waya ndi koyilo. Ikamadukiza itangoima koma n'kumayenda bwino pamsewu, kawirikawiri pali paipi yong'ambika imene ikulowetsa mpweya wosafunika. Ikamafooka mutathamanga mtunda wautali, n'kuchira mukaima pang'ono, mafuta sakufika okwanira: onani fyuluta ndi pampu. Ikamadukiza m'mawa wokha, makamaka nyengo ya mvula, kapena itagona kugombe, mwina ndi chinyezi pa mawaya.

Kupeza silinda yodwala

Injini ikulira pang'onopang'ono, makaniko achotse kasoketi ka koyilo kapena ka injekita pa silinda imodzi, amvetsere, abwezeretse, apite pa ina. Akachotsa pa silinda yamoyo, injini imagwa mawu. Akachotsa pa yodwala, sipasintha kanthu, poti inali isakugwira kale ntchito. Pa galimoto zakale zokhala ndi mawaya a mapulagi, musagwire waya ndi manja. Mumadutsa magetsi opitirira mavolti 20,000. Gwiritsani ntchito pulayala yokutidwa ndi labala.

Mukaidziwa silindayo, musathamangire kusitolo. Sinthanitsani pulagi yake ndi ya silinda yoyandikana nayo, muyesenso. Vuto likasamukira kumene kwapita pulagi, mwalipeza. Likatsala pomwepo, sinthanitsani koyilo, kenaka injekita. Njira imeneyi siitenga ndalama ina kupatula ya makaniko, ndipo ife timaiona kuti ndi yodalirika kuposa zonse. Sipeya imagulidwa itagwidwa kale ndi mlandu.

Pulagi nayonso imalankhula. Ikakhala yofiirira ngati mtundu wa tiyi wamkaka, silinda ili bwino. Yakuda ndi mwaye wouma, mafuta akuchuluka kapena fyuluta ya mpweya yatsekeka ndi fumbi. Yonyowa ndi oyilo, maringi a pisitoni atha. Yoyera ngati phulusa, mafuta akuchepa ndipo injini ikutentha. Koma pulagi imodzi ikakhala yoyera mbee ngati yotsukidwa, pomwe madzi a mu radiyeta akumachepa osaoneka potayikira, kayikirani gasiketi.

Galimoto zambiri zobwera kuchokera ku Japan zili ndi kompyuta, ndipo amakaniko a mumzinda ali ndi kamakina kowerengera. Nambala ya P0301 imatanthauza kuti silinda yoyamba ikudukiza, P0302 yachiwiri, mpaka P0304. P0300 imatanthauza kuti kudukiza kukuyendayenda m'masilinda angapo, ndipo apa tiyambe kuganizira za mafuta. Kamakinako kamatchula silinda, sikatchula chifukwa. Kusinthanitsa kuja kumafunikabe. Getsi la injini pa dashibodi likamathwanima, osati kungoyaka, chepetsani liwiro ndipo musayende nayo mtunda wautali, chifukwa petulo wosapsa akuwononga ziwiya za mu ekizozi.

Moto ndi mafuta zikakhala bwino, chotsala ndi kuyeza mphamvu yopanikiza ndi geji. Masilinda asasiyane kwambiri kuposa 10 pa 100 iliyonse. Silinda yotsika ithiridwe oyilo sipuni yaing'ono imodzi n'kuyezanso. Nambala ikakwera, ndi maringi. Ikapanda kusintha, ndi mavalavu kapena gasiketi. Musalole kuti injini itsegulidwe izi zisanayezedwe.

Injini ya dizilo ilibe pulagi ya moto. Kudukiza kwake kumachokera ku mpweya wolowa m'mapaipi, madzi m'fyuluta, kapena injekita yotha. Pa injini zatsopano za mtundu wa common rail, musamasule paipi ya injekita injini ikulira. Dizilo wake amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu.

Mafuta a m'zigubu

Apa ndi pamene galimoto ndi boti zimakumana. Petulo wa kuno kwathu wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ina inatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Mafutawa alibe vuto akasungidwa bwino, koma ethanol amakoka chinyezi. Madzi akachuluka, amatengana ndi ethanol n'kukhala pansi pa thanki, pamene paipi imayamwira. M'madoko ambiri mulibe malo omwetsera mafuta, ndiye timagula ndi kusunga m'zigubu. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga mu 2011 ndi 2012 komanso mu 2022 ndi 2024, zigubu zinafika ngakhale mumzinda. Chigubu chosatseka bwino, chogona pamchenga usiku wamame kapena chomenyedwa ndi mafunde m'boti, chimalowa madzi mosavuta.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tapani mafuta a pansi pa thanki, muthire m'botolo lagalasi loyera, muliike pamthunzi kwa mphindi 10. Mukaona mzere wolekanitsa, kapena mafuta achita mbuu, thanki yonse ikhuthulidwe ndipo kabureta itsukidwe. Kusintha pulagi pamene m'thanki muli madzi n'kungotaya ndalama. Pothira mafuta, sefani ndi nsalu yoyera, ndipo a pansi penipeni pa chigubu musathire.

Injini ya boti

Injini zambiri za m'maboti athu, monga Yamaha Enduro ya mahosi 15, zili ndi masilinda awiri ndipo petulo wake amasakanizidwa ndi oyilo. Silinda imodzi ikafa, theka la mphamvu lapita. Pamtunda galimoto mungaiimike m'mbali mwa msewu. Panyanja, mwera utayamba, boti lodzaza nsomba ndi anthu lilibe poima.

Yambani ndi kabawuti kolowetsa mpweya pa chitsekero cha thanki. Kakatsekeka, injini imayamba bwino n'kumafooka pakapita mphindi zingapo. Anthu ambiri amasula kabureta chifukwa cha kabawuti kameneka. Kenaka finyani kampira kopopera mafuta injini ikudukiza. Ikachira pamene mukufinya, vuto lili pa pampu ya mafuta, pa paipi yolowetsa mpweya kapena pa fyuluta. Ikapanda kusintha, zimitsani, mumasule mapulagi onse awiri n'kuwayerekeza. Yonyowa komanso yozizira ndiyo ya silinda imene sikuphulitsa. Sinthanitsani monga tafotokozera. Onaninso waya wa batani lozimitsira, chifukwa akasupuka n'kunyowa amadula moto mwa apo ndi apo.

Muyeso wa oyilo umasokoneza ambiri. Injini zambiri zamtunduwu zimafuna magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oyilo, kutanthauza mamililita 400 pa malita 20, koma tsimikizani m'buku la injini yanu. Kuthira wambiri poganiza kuti mukuiteteza kumadetsa pulagi. Kuthira wochepa kumapsereza pisitoni, ndipo uku ndiko kuwononga kwakukulu. Oyilo akhale wa injini za boti, osati wa galimoto. Pulagi ikhale ya nambala yolembedwa m'buku. Pa mapulagi a NGK, nambala yothera ndi -10 imatanthauza mpata wa milimita imodzi. Poyesa moto wa pulagi, chigubu chikhale kutali komanso chotseka, ndipo musalize injini ili kunja kwa madzi.

Zimene komiti ingachite

Kumene gulu lili ndi boti kapena galimoto yogwirizana, mikangano yambiri imayambira pa ndalama zokonzetsera. Mlembi asunge kabuku kolemba tsiku, malo amene mafuta anagulidwa, nthawi imene injini inadukiza, ndi sipeya imene inasinthidwa. Pakapita miyezi iwiri kabukuka kamaonetsa kokha ngati vuto limabwera ndi mafuta a malo ena ake. Wotumidwa kugaraja ku Blantyre abwere ndi lisiti komanso sipeya yakale imene yachotsedwa, ndipo athe kufotokoza pamsonkhano kuti makaniko anayesa bwanji asanaisinthe. Mapulagi awiri atsopano, sipanala yake ndi botolo loyesera mafuta zizikhala m'boti, zokulungidwa m'pepala la pulasitiki, pamodzi ndi nkhafi.