Za Oimba Athu Oyenda ku Ulaya



Chaka ndi chaka, chimanga chikalowa m'nkhokwe ndipo chisanu cha mwezi wa Juni chikayamba kuluma, ana ena a dziko lino amamanga magitala ndi ng'oma zawo, natsazika abale, nakwera ndege kunka ku Ulaya kukaimba. Mbiri yawo imamveka pa wailesi, ndipo kumudzi anthu amangoti: "Amene aja basi alemera!" Anyamata athu osema mabanjo a zigubu akamva zimenezi sagona nazo tulo. Popeza m'nyumba zambiri za Akhristu muli mwana amene Mulungu adampatsa mawu okoma kapena zala zaluso, taganiza kuti mwezi uno tifotokoze bwino za moyo wa oimba pa maulendo amenewa, kuti makolo adziwe polangiza, ndi ana adziwe chimene akuchikhumbacho.

Nyengo ya zikondwerero

Pamene ife kuno tikuotha moto ndi kufunda mabulangete, ku Ulaya kumakhala nyengo yofunda. Anthu a kumeneko amatha miyezi yambiri m'chisanu choopsa, usiku utatalika. Tsono Juni, Julaye ndi Ogasiti akafika, onse amatuluka m'nyumba ngati ngumbi mvula itagwa. Usana umatalika modabwitsa: ku Denmark, kumapeto kwa Juni, dzuwa limalowa nthawi ili pafupi 10 koloko usiku. Imeneyi ndiyo nyengo ya zikondwerero zazikulu za nyimbo, zimene zimachitikira panja, m'minda ndi m'mabwalo, anthu nagona m'mahema masiku atatu, anayi, pena sabata yathunthu.

Chimodzi mwa zikondwerero zotchuka ndi cha ku Glastonbury, m'dziko la England, chimene chidayamba mu 1970 pa munda wa mlimi woweta ng'ombe zamkaka, dzina lake Michael Eavis. Anthu osonkhanapo amafika pafupi 200,000, ndipo mvula ikagwa munda wonse umasanduka thope. Zaka zina eni munda amachilekeza kuti nthaka ipume ndi msipu umerenso, monga adachitira mu 2018. Ku Denmark kuli cha Roskilde, choyamba mu 1971, chimene ndalama zake zotsala zimaperekedwa ku ntchito zothandiza anthu. Kulinso cha WOMAD, chimene woimba wina, Peter Gabriel, adayambitsa ndi anzake mu 1982 kuti anthu amve nyimbo za mitundu yonse ya pa dziko lapansi. Zing'onozing'ono ndiye ndi zosawerengeka. Koma nyengo yake ndi yaifupi, miyezi itatu yokha. Chifukwa chake gulu lochokera kutali liyenera kuimba malo ambiri m'masabata ochepa, ndipo apa ndi pamene pagona mavuto onse a ulendowu.

Ana a kwathu amene adayenda njirayi

Njira imeneyi si ya lero. Mu 1967 Gerhard Kubik, katswiri wa ku Austria wofufuza za nyimbo, adakumana ku Blantyre ndi anyamata awiri apachibale a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, akuimba m'misewu. Patapita zaka zowerengeka iwo adakaimba ku Ulaya, ndipo Donald adayendabe maiko ambiri ndi chitoliro chake kufikira imfa yake mu 2001.

Ife Akatolika tili ndi gulu lobadwira pakhomo pa tchalitchi penipeni, ndilo Alleluya Band. Lidayamba ku Balaka mu 1978 ndi chithandizo cha Bambo Mario Pacifici, wansembe wa chipani cha a Montfort wochokera ku Italy, motsogozedwa ndi Paul Banda. Mng'ono wake Lucius Banda, amene adamwalira mu 2024, adakuliranso momwemo. Gululi lakhala likupita ku Italy m'nyengo yofunda zaka zambiri, likuimba m'mabwalo a maparishi ndi a m'mizinda, ndipo maulendo ake athandiza ntchito zachitukuko ndi zachifundo za ku Balaka.

Ena ndi anyamata otchedwa Malawi Mouse Boys, amene ankagulitsa mbewa zopanika m'mphepete mwa msewu naimba nyimbo zauzimu podikira magalimoto. Munthu wina wa ku America, Ian Brennan, adajambula nyimbo zawo. Chimbale chidatuluka mu 2012, ndipo mu 2013 adakwera ndege kukaimba ku WOMAD m'Chichewa chathu chomwechi. Enanso ndi Madalitso Band, anthu awiri okha: Yobu Maligwa woimba babatoni wa nsambo imodzi, ndi Yosefe Kalekeni woimba gitala uku akumenya ng'oma ndi chidendene. Iwowa adaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe. Mu 2017 adaitanidwa ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo njira ya ku Ulaya idawatsekukira.

Taonani, ambiri mwa amenewa adayambira pa fumbi, ndi zoimbira zopanga okha. Chimene chidakopa anthu a kutali ndicho chinthu cha kwathu chomwe ife timachipeputsa.

Asanakwere ndege

Kalata yoitana ikabwera, chisangalalo ndi cha tsiku limodzi, ntchito ndi ya miyezi. Pafunika pasipoti, pafunikanso viza, ndicho chilolezo cholowera m'dziko la eni. Munthu alembe mapepala, adinde zala, aonetse kalata ya omuitana ndi umboni wakuti adzabwerera kwawo, alipirenso ndalama zimene sizibwezedwa akamukana. Maiko ambiri a ku Ulaya adagwirizana pa viza imodzi yotchedwa Schengen, yolola mlendo kukhala masiku osapitirira 90 m'kati mwa masiku 180. Koma England ali ndi yakeyake. Ndipo kukanidwa kulipo ndithu: mu 2018 oimba ena a mu Africa, pakati pawo Wazimbo wa ku Mozambique, adalephera kufika ku WOMAD chifukwa cha viza, chonsecho maina awo anali atalengezedwa kale. Mmodzi akakanidwa, gulu lonse lapunduka, pakuti woimba ng'oma sangabwerekedwe panjira.

Ndege yochoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre sifika ku Ulaya mwachindunji. Munthu atsike ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, adikire maola, akwerenso ina usiku wonse. Zoimbira zimayenda pamodzi ndi katundu m'mimba mwa ndege, mwini wake mtima uli m'mwamba. Pakuti gitala ikathyoka ina igulidwa m'sitolo, koma babatoni ndani angamsemere ku Germany?

Tsiku limodzi la pa ulendo

Tiyerekeze gulu limene laimba Lachisanu usiku mumzinda wina wa ku France, ndipo Loweruka madzulo likuyembekezeka ku Germany. Agona usiku utapita kale, adzuka mbandakucha, nalongedza katundu m'galimoto, nathithikana m'menemo maola asanu ndi limodzi kapena kupitirira. Mizinda yotchuka imene timaimva m'mabuku amaiona pa zenera pokha. Akafika salandiridwa ndi mphasa ndi madzi osamba monga mlendo wa kwathu. Amatsitsa katundu, nayesa zokuzira mawu mofulumira, popeza gulu lina likudikira pambuyo pawo. Chikopa cha ng'oma chimalefuka ndi chinyezi. Kuno timangoiwamba pamoto wa udzu, koma kumeneko moto wotere sausonkha pabwalo, tsono afune njira ina yoifunditsira.

Pamenepo nthawi ikwana. Amakwera pa nsanja pamaso pa khamu losamva ngakhale liwu limodzi la chilankhulo chawo, lomwe lili ndi nsanja zina zopitako likatopa. Apatsidwa ola limodzi, pena mphindi 45 zokha. Ndipo Mulungu akadalitsa, anthu aja amayamba kugwedeza mitu, kenaka mapewa, potsiriza bwalo lonse livina ngati pa chinkhoswe. Ola limenelo ndi lokoma zedi, ndipo ndi lokhalo limene ife kumudzi timaliona pa zithunzi. Likatha, oimba omwewo apita pa tebulo kukagulitsa zimbale ndi malaya, anyamulanso katundu, nafuna pogona. Mawa ndi chimodzimodzi.

Chakudya nacho chimasautsa: buledi, tchizi, nyama yozizira ndi masamba osaphika. Munthu wokulira nsima amadya nakhuta, koma mtima umati sunadye. Opita kumpoto kwa Italy amatonthozedwako ndi polenta, chakudya cha ufa wa chimanga chachikasu chofanako ndi nsima yathu. Zovala achapire m'chipinda usiku, nazinyamula zisanaume. Ndipo kukhala anthu omwewo m'galimoto imodzi masabata asanu ndi atatu kumayesa chikondi cha pa abale: kanthu kakang'ono kamene kumudzi kakadatha ndi kuseka, pa ulendo kamabala mkangano.

Za ndalama

Ndalama yolembedwa pa pangano imaoneka yaikulu ikawerengedwa m'makwacha. Koma isanafike kwa oimba imadutsa m'manja ambiri: matikiti a ndege, maviza, kubwereka galimoto ndi mafuta ake, woyendetsa, gawo la amene adawafunira malo oimbako, ndi msonkho wa boma la dziko limene aimbamo. Tsiku lopanda kuimba limadya za dzulo, chifukwa pogona ndi chakudya zilipiridwabe. Chotsalacho agawane, ndipo chiyenera kusunga banja miyezi isanu ndi inayi kufikira nyengo ina, ngati adzaitanidwanso. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mu 2020 ndi 2021 mliri wa Covid-19 udatseketsa Glastonbury ndi Roskilde zaka ziwiri zotsatana, ndipo oimba amene adataya khasu podalira ndege adaona zakuda.

Sitikunena kuti phindu palibe. Alipo amene afolera nyumba ndi malata ndi kuphunzitsa ana ndi thukuta la maulendowa. Koma ndi malipiro a ntchito yolemetsa, ngati a mlimi wa fodya, odza kamodzi pa chaka ndi ofuna mutu woziziritsa powasunga.

Mkhristu pa ulendo

Chimene chitidetsa nkhawa koposa ndi mzimu. Zikondwerero zimagwa Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu, kotero kuti tsiku la Ambuye ndilo tsiku la ntchito yaikulu. Kuseri kwa nsanja mowa umapezeka mosavuta, pena waulere. Anthu amakutamanda, ndipo palibe mfumu, nkhoswe kapena mkulu wa mpingo wokuona. Munthu wotopa, wosungulumwa ndi wotamandidwa ndiye amene Satana amamfika msanga. Komabe Eklezia ndi mmodzi pa dziko lonse. Nsembe ya Misa ya ku Italy kapena ku Poland ndi yomweyo ya pa parishi yathu, ndipo ngakhale wosamva chilankhulo adziwa pogwada ndi poimirira. Wofunadi adzafunsa kumene kuli tchalitchi, nadzuka m'mawa. Kolona nayo silemera m'thumba, ndipo maola a m'galimoto ndi okwanira kuipemphera.

Tikumbukirenso otsala kumudzi. Miyezi imeneyi ndiyo youmba njerwa, yofolera nyumba, yothirira dimba ndi yososa m'munda. Zonsezi zimagwera mayi ndi ana. Akuluakulu akumbuka za Wenela, amene ankanyamula amuna athu kunka ku migodi ya ku South Africa kufikira 1974, ndipo akumbuka mawu owawa aja akuti machona: amuna amene adapita ndi malonjezo, makalata nayamba kuchepa, kenaka zii. Chiyeso chomwecho chilipo lero: munthu ataona misewu yowala aganiza zozemba tsiku lobwerera. Wotero ataya banja lake, akhala mobisala ngati mbala, natsekeranso njira anzake odza pambuyo, pakuti eni dziko sadzakhulupiriranso oimba a kwathu. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka.

Mawu kwa makolo

Tsono mwana wanu akakonda kuimba musamuphwanyire banjo yake, kapena kumutcha mlesi. Luso limenelo ndi mphatso ya Mulungu, ndipo taona kumene lafikitsa ana a anthu osauka. Mlowetseni m'kwaya ya mpingo kuti aphunzire kumvera anzake ndi kusunga nthawi, pakuti pa ulendo zimenezi zimafunika kuposa mawu okoma. Asasiye sukulu, kuti adzathe kuwerenga yekha pangano asanasaine. Safunsa adadya phula. Asasiye khasu kapena ntchito ina ya manja, chifukwa chaka chili ndi miyezi khumi ndi iwiri. Ndipo tsiku lonyamuka likadzafika, ayambe walapa ndi kulandira Ukaristia, apangane bwino ndi mkazi wake pamaso pa ankhoswe za ndalama ndi za tsiku lobwerera.

Pa 22 Novembala Eklezia amakumbukira Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba onse. Nthawi imeneyo mahema a ku Ulaya amakhala atapindidwa kale, kuno mvula yoyamba ili pafupi, ndipo woimba wanzeru amakhala ali pakhomo pake, mbewu zili m'manja. Pa tsikulo banja lililonse lipempherere ana athu oyenda m'maiko a eni, kuti Mulungu awasunge panjira, ndi kuwabwezera kwa ife amoyo m'thupi ndi mumzimu.