Feteleza amene amapangidwa pansi pa nandolo

Mwezi wa Okutobala ukafika, pachigayo, pamjigo ngakhale pamaliro funso limakhala limodzi: kodi dzina lanu latuluka? Kuyambira 2005, pamene boma la Bingu wa Mutharika lidayambitsa makuponi a feteleza, tidazolowera kuti chakudya cha nthaka chimabwera pa lole kuchokera ku Beira kapena ku Nacala. Nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu 2022 mitengo ya feteleza idakwera padziko lonse, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba limodzi lidasanduka chinthu chogulitsira mbuzi.

Koma kodi timagula chiyani m'thumbamo? Mu Urea, amene alimi amati wobereketsa, muli mchere wa nayitrojeni wokwana makilogalamu 23 pa thumba la makilogalamu 50. Mcherewu ndi umene umabiriwiritsa chimanga. Chodabwitsa n'chakuti magawo 78 pa 100 alionse a mpweya umene tikupumawu ndi nayitrojeni yemweyo. Chimanga chachikasu chija, chimene chikulephera kufika m'chiuno, chikufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi. Vuto ndi loti nayitrojeni wa mumpweya ndi womangika mwamphamvu, mbewu sizingamumwe. Mafakitale akunja amamumasula ndi moto waukulu wa gasi, n'chifukwa chake gasi akakwera ku Ulaya, mlimi wa ku Ntchisi amalira.

Pali ena amene amagwira ntchito yomweyo opanda gasi. Mukadzapita kumunda mvula ili pakati, mudzazule bwinobwino phata la mtedza, khobwe kapena nandolo wamng'ono, n'kukutumula dothi. Pamizu mudzaona timibulu tating'ono. Ena amayesa matenda. M'timibuluto mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa rhizobium. Mbewu imapatsa tizilomboti shuga ndi pogona, ito n'kumatenga nayitrojeni mumpweya wa m'nthaka n'kumusandutsa chakudya cha mbewuyo. Mukaphwanya kambulu kamodzi ndi chikhadabo n'kupeza m'kati mofiirira, dziwani kuti ntchito ili m'kati. Kakakhala koyera kapena kobiriwira, palibe chikuchitika.

Mbewu zambiri za m'gulu la nyemba zili ndi mphatsoyi, koma sizisiya zofanana m'munda. Soya amatenga nayitrojeni wambiri n'kumuika m'njere, ndiye mukakolola, kupuntha pabwalo ndi kuotcha zotsalira, munda umatsala manja lende. Nandolo ndi wina. Miyezi yoyamba amakula mwaulesi, salimbana ndi chimanga, moti mlimi atha kumubzala mumzere womwewo. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, iye m'pamene amatambasuka. Muzu wake waukulu umaboola dothi lolimba limene khasu lakhala likupanga pansi pa mizere kwa zaka zambiri, n'kukatunga chinyontho kumene mizu ya chimanga sifika. Mizuyo imatulutsanso timadzi tosungunula mchere wa fosiforasi umene umakanirira m'dothi lakatondo. Kenaka m'nyengo yonse yachilimwe amayoyola masamba, ndipo masambawo ndiwo manyowa a chaka chamawa. Mitengo yake ikauma ndi nkhuni, zomwe si nkhani yaing'ono kwa mayi wa ku Chiradzulu kumene mapiri adayera kalekale.

Anthu a ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Zomba sangadabwe nazo izi. Kuchepa kwa malo kudawaphunzitsa kale kuthira chimanga, nandolo, maungu ndi chinangwa m'kamunda kamodzi. Alangizi a zaka zakumbuyoko ankati ulimi wotere ndi wachikale, munda wa mlimi wotsogola uzikhala chimanga chokhachokha. Ine ndimaona kuti apa m'pamene tidaphonya, chifukwa munda wa mbewu imodzi umabala mbale ya chakudya chimodzi.

Ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, adalumikiza ziwirizi. M'chaka cha 2000, ogwira ntchito pachipatala cha mishoni ankalandira ana ambiri onyentchera, ndipo makolo awo ankadandaula za nthaka yoguga ndi feteleza wodula. Pamodzi ndi akatswiri a ku Canada adayambitsa ntchito yotchedwa Soils, Food and Healthy Communities, yomwe alimi eniake ankayesa mbewu zosiyanasiyana paminda yawo. Zobwezeretsa chonde zinalipo zingapo, koma alimi ambiri adakonda zimene zimalowa mumphika: nandolo ndi mtedza, zobzalidwa m'munda umodzi, chaka chotsatira n'kuikamo chimanga. Adaphunziranso kuti kukolola kokha sikunenepetsa mwana. Mtedza umatha kugulitsidwa wonse, ndalama n'kuthera kumowa. Choncho adayamba masiku ophika pamodzi, abambo ndi agogo aakazi ali pomwepo, popeza agogo ndiwo amagamula zimene mdzukulu adye. Kafukufuku adaonetsa kuti m'midzi imene idakhalitsa pantchitoyi ana ankakula bwinoko.

Nkhaniyi ndi yofunika m'dziko limene kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Achipatala amatiuza za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, koma mwana wodya phala la ufa woyera m'mawa ndi nsima ya masamba madzulo wangolawako awiri. Nsinjiro m'phala lamgaiwa, chipere, nandolo wamuwisi wowiritsa ndi makoko ake, izi zimabweretsa zomanga thupi zimene ufa woyera ulibe, pamtengo umene nyama singafike. Tili ndi kamwano kena kakuti nyemba ndi ndiwo za kusukulu yogonera kapena za masiku osweka. Kamwanoka kakutidyera ana.

Tisanamizane, nandolo sachotseratu thumba la feteleza. Panthaka yoti idatheratu, yongomera kaufiti, pamafunika zaka zingapo kuti kusintha kuoneke, ndipo zokolola zimakoma kwambiri pamene manyowa ndi feteleza wochepa akuthandizana, chifukwa dothi lokhala ndi zinyalala zowola limasunga mchere ndi madzi. Msika nawo ndi woterera. Nandolo wathu wambiri amapita ku India, ndipo dzikolo litachepetsa zogula kunja mu 2017, mtengo udagwa mpaka alimi ena adamuleka. Amene ankamulimira mphika ndi nthaka sadapwetekeke ngati amene ankangoyang'ana sikelo ya venda.

Adani ena ali m'mudzi momwemo. M'madera ambiri a chigawo chapakati, chimanga chikangokololedwa mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa, pamene nandolo ali pamaluwa. Zimene ziweto zasiya, moto wa anyamata osaka mbewa umamaliza, ndipo nayitrojeni wambiri wa m'masamba uja amabwerera kumwamba ndi utsi. Mlimi mmodzi sangathane nazo izi payekha, angopezapo milandu ndi anansi. M'midzi imene nandolo wakhazikika, kawirikawiri mumapeza kuti nkhaniyi idakambidwa pabwalo la amfumu, n'kugwirizana kuti mbuzi zikhale pachingwe mpaka nandolo atathyoledwa, ndipo mwini chiweto cholowa m'munda alipire.