Machiritso a siko selo ali m'mafupa

Mwana wa miyezi isanu ndi itatu watupa zala za m'manja ndi za kumapazi, akulira usiku wonse, m'maso muli chikasu. Kuchipatala akuti magazi achepa, amuika ena, koma patangopita miyezi yochepa vuto lomwe lija labweranso. Makolo ambiri zikafika apa amayamba kuyang'ana achibale ndi diso lokayika, ati mwana amulodza. Chonsecho nthawi zina gwero lake ndi siko selo, matenda obadwa nawo.

Ku Neno matendawa si achilendo kwa azaumoyo. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lidayamba kugwira ntchito ndi boma m'bomali mu 2007, ndipo mu 2018 pachipatala cha Neno ndi cha Lisungwi padatsegulidwa makiliniki a PEN-Plus, othandiza odwala siko selo, shuga wodalira insulin ndi mtima. Izi zidachepetsa maulendo a ku chipatala cha Gulupu, ku Blantyre. Mu 2022 nduna za zaumoyo za mu Africa zitakumana ku Lomé zidavomereza kuti njirayi ifalikire m'maiko awo.

Kumakilinikiwa ntchito yaikulu ndi kuchepetsa ululu ndi kuteteza mwana. Penicillin amamutchinjiriza ku tizilombo, folic acid amathandiza thupi kupanga magazi, hydroxyurea amachititsa kuti ululu uzibwera patalipatali, ndipo neti imamupewetsa malungo. Zonsezi zimatalikitsa moyo, koma matendawo satha, chifukwa muzu wake uli m'kati mwa mafupa.

M'mafuta a m'mafupa muli maselo ochepa amene ntchito yawo ndi kubereka maselo ena onse a magazi. Madokotala amawatchula kuti stem cells. James Till ndi Ernest McCulloch a ku Toronto ndiwo adaonetsa umboni wa maselowa mu 1961, poyesa pa mbewa. Mwa munthu wamkulu, mafupa amatulutsa maselo ofiira pafupifupi 2 miliyoni pa sekondi imodzi, ndipo selo lililonse limakhala masiku ngati 120.

Mwa wodwala siko selo, maselo oberekawo ali ndi chilema chimene adatengera kwa bambo ndi mayi omwe. Maselo ofiira amene amatuluka amapindika ngati chikwakwa, amatsekereza timitsempha, ndipo amafa m'masiku 10 mpaka 20 okha. Makolo onse awiri akakhala ndi chibadwa chimenechi, ngakhale iwo asakudwala, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe nawo ndi umodzi mwa inayi. Choncho palibe chifukwa choti akuchimuna aziloza chala akuchikazi.

Machiritso ake ndi kuchotsa maselo olumalawo n'kuikamo abwino. Wodwala amayamba walandira mankhwala amphamvu opha mafuta ake a m'mafupa, kenaka amamuika maselo a munthu wina kudzera m'mtsempha, ndipo maselowo amakadzipezera okha malo m'mafupa. Alimi a manachesi amadziwa kuti pomezanitsa, mphukira imagwira pa tsinde logwirizana nayo basi. Thupi nalo limakana maselo osafanana ndi ake. Wopereka woyenera kwambiri ndi m'bale wa bere limodzi, koma ngakhale iyeyo mwayi woti afanane ndi umodzi mwa inayi. Kwa milungu ingapo wodwala amakhala wopanda chitetezo, moti amasungidwa m'chipinda chakechake kuopa tizilombo.

Mwana woyamba kuchira siko selo mwa njirayi adalengezedwa ku America mu 1984. Kumapeto kwa 2023, Britain ndi America adavomereza Casgevy, njira yotenga maselo a wodwala yemwe, kuwakonza mu labotale, n'kumubwezera. Apa wopereka safunika, koma mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi. 

Wina angati zimenezi n'za azungu, koma kwa anansi athu a ku Tanzania, chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma chidayamba kuika ana odwala siko selo mafuta a m'mafupa mu 2023. Izi sizidagwe kumwamba. Cha m'ma 2004 dokotala wachitsikana, Julie Makani, adayamba kulemba m'kaundula ndi kutsatira odwala siko selo pachipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam. Kaundulayo adakula n'kukhala mmodzi mwa akuluakulu padziko, ndipo mu 2011 Makani adalandira mphotho ya Royal Society Pfizer. Ntchito yakeyo idathandiza kuti dziko lake lione siko selo ngati vuto lofunika ndalama ndi akatswiri.

Phunziro kwa wachinyamata wa kwa Dambe kapena kwa Symon ku Neno amene mtima wake uli pa sayansi ndi limenelo. Ofufuza za maselo amayambira pa Biology, Chemistry ndi masamu ku sekondale, kenaka maphunziro a labotale kapena udokotala ku yunivesite ya KUHeS, kapenanso ya MUST ku Thyolo. Zaka zoyamba zimathera pa ntchito zosaoneka: kuyang'ana dontho la magazi pa maikulosikopu, kusunga zoyesa mosadetsedwa, kulemba zotsatira mosaphonya ngakhale magetsi akuvuta. Mabungwe ngati Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre amaphunzitsa ofufuza ongoyamba kumene.

Dziko la Malawi lisadaganize zomanga chipinda choikira mafuta a m'mafupa, liyenera kudziwa kuti ana odwala alipo angati, ali kuti, ndipo abale awo ndi ofanana nawo kapena ayi. Mayankho amenewo adzachokera m'malabotale ndi m'makaundula a zipatala ngati Neno ndi Lisungwi, ndipo adzafuna anthu ophunzira okonzeka kukhala komweko.