Mbiri ya Mauthenga Othandiza Anthu pa Wailesi Yakanema

Mawu oyamba

Munthu akamaonera wailesi yakanema amakumana ndi timauthenga tatifupitifupi timene timadula pologalamu pakati. Tambiri mwa timauthengati timakhala totsatsa malonda monga sopo, zakumwa kapena mafuta ophikira. Koma pali mtundu wina wa uthenga umene sugulitsa kanthu. Umenewu umalangiza anthu kuti akabayitse ana katemera, asayendetse galimoto atamwa moŵa, kapena asatenthe tchire. M'nkhani ino mtundu wachiŵiriwu tiziutchula kuti uthenga wothandiza anthu. Tifotokoza m'mene udayambira ndi kukulira m'maiko a America ndi Britain, kumene njira zake zambiri zidachokera. Potero tiona amene amalipira mauthengaŵa, amene amasankha zoti zinenedwe, ndiponso ngati amasinthadi khalidwe la anthu.

Chiyambi chake m'nthaŵi ya nkhondo

Mauthenga othandiza anthu adayamba wailesi yakanema isanafale. Dziko la America litaloŵa m'nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse mu Disembala 1941, akuluakulu a makampani olemba mauthenga a malonda adagwirizana zothandiza boma ndi luso lawo. Mu 1942 adakhazikitsa bungwe limene pa nthaŵi ya nkhondoyo linkatchedwa War Advertising Council. Bungweli linkalimbikitsa anthu kubwereketsa boma ndalama zomenyera nkhondo, kusunga zinsinsi za asilikali, ndiponso kuti amayi akaloŵe ntchito zimene amuna adazisiya popita kunkhondo. Mauthenga ake ankafalitsidwa pa wailesi, m'nyuzipepala ndi pa zikwangwani.

Nkhondo itatha mu 1945 bungweli silidathetsedwe. Lidapitiriza ntchito yake ndi dzina loti Advertising Council, limene amalifupikitsa kuti Ad Council. Njira yake idali yakuti bungwe la boma kapena lachifundo limabweretsa vuto, kampani yolemba mauthenga imakonza uthengawo osalandira malipiro a luso lake, ndipo nyumba zoulutsa mawu zimapereka nthaŵi yaulere. Wailesi yakanema itafika idangoloŵa m'dongosolo lomweli. Mu 1950 mabanja a ku America amene adali ndi wailesi yakanema sankafika 10 mwa 100 alionse, koma pofika mu 1960 adali pafupifupi 9 mwa 10 alionse.

Tingafunse kuti, kodi nyumba zoulutsa mawu zinkaperekeranji nthaŵi yaulere pamene nthaŵiyo ndiyo malonda awo? Yankho lili m'lamulo la mu 1934 limene lidakhazikitsa bungwe loyang'anira zoulutsa mawu la Federal Communications Commission, mwachidule FCC. Lamuloli linkati wolandira chiphaso choulutsira mawu ayenera kutumikira zofuna za anthu onse. Choncho kuonetsa mauthenga othandiza anthu inali njira ina yosonyezera bungweli kuti nyumbayo ikuyenera kupatsidwanso chiphaso. Komabe mwini nyumba ndiye ankasankha ola loonetsera, ndipo mauthenga ambiri aulere ankaikidwa pakati pa usiku anthu ambiri atagona.

Chimbalangondo cha moto wa m'nkhalango

Uthenga umene wakhalitsa kuposa onse a Ad Council ndi wa Smokey Bear, chimbalangondo chojambulidwa chovala chipeŵa cha mlonda wa nkhalango. Chidayamba mu 1944 mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango. Mu 1947 chidapatsidwa mawu amene tanthauzo lake ndi lakuti ndiwe wekha amene ungaletse moto wa m'nkhalango. Mu 1950 ozimitsa moto adapeza mwana weniweni wa chimbalangondo atapsa miyendo m'mapiri a Capitan ku New Mexico. Adamutcha Smokey ndipo adakamusunga kumalo osungirako nyama ku Washington mpaka pamene adafa mu 1976.

Alembi ndi akonzi angaphunzirepo kanthu pa zimene zidachitikira mawu a chimbalangondochi. Patapita zaka, akatswiri a nkhalango adazindikira kuti si moto uliwonse umene uli woipa. Nkhalango zina zimafuna moto waung'ono wa apo ndi apo kuti zinyalala ndi nthambi zouma zisaunjikane, monga momwe kuno kwathu amatenthera tchire koyambirira kwa chilimwe udzu usanaumiretu. Kuzimitsa moto uliwonse kwa zaka zambiri kudathandizira kuti moto ukabuka uzikhala waukulu kwambiri. Motero mu 2001 mawu aja adasinthidwa. M'malo mwa moto wa m'nkhalango adayamba kunena za moto wolusa, pofuna kuphatikizapo moto wa m'madambo ndi m'tchire, komanso pofuna kusiyanitsa moto wosalamulirika ndi moto woyatsidwa dala ndi akatswiri. Mawu oyamba aja adali atakhala zaka 54 asanakonzedwe.

Nkhondo ya fodya, 1967 mpaka 1971

Chitsanzo chooneka bwino cha mphamvu ya mauthengaŵa ndi cha fodya. Pa 11 Januwale 1964 mkulu wa zaumoyo m'boma la America, a Luther Terry, adatulutsa lipoti lotsimikiza kuti kusuta ndudu kumayambitsa khansa ya m'mapapo. Ngakhale zidali choncho, makampani a fodya adapitiriza kukhala m'gulu la otsatsa malonda aakulu pa wailesi yakanema.

Kuyambira mu 1949 bungwe la FCC lidali ndi mfundo yakuti nyumba youlutsa mawu ikaonetsa mbali imodzi ya nkhani imene anthu akutsutsana, iyenera kupatsanso mpata mbali inayo. Loya wina wachinyamata, a John Banzhaf, adakadandaula ku bungweli kuti mauthenga otsatsa ndudu a pa wailesi yakanema ya WCBS ku New York ankaonetsa kusuta ngati chinthu chabwino popanda wotsutsa. Mu Juni 1967 bungweli lidagwirizana nawo. Silidalamule kuti nthaŵi ya mbali ziŵirizo ikhale yofanana, koma lidati otsutsa fodya apatsidwe nthaŵi yokwanira mwaulere. Mlingo umene unkatchulidwa kaŵirikaŵiri udali uthenga umodzi wotsutsa pa mauthenga atatu alionse otsatsa ndudu.

Umodzi mwa mauthenga a nthaŵi imeneyo udali wa a William Talman, amene anthu ankawadziŵa monga loya wa boma woluza milandu m'seŵero la Perry Mason. Mu 1968, akudwala khansa ya m'mapapo, adajambulitsa uthenga wa bungwe la American Cancer Society momwe adaonetsa banja lawo ndi kupempha anthu kuti asiye kusuta kapena asayambe n'komwe. Adamwalira mu Ogasiti chaka chomwecho ali ndi zaka 53, ndipo uthengawo udaonetsedwa iwo atamwalira kale.

M'zaka za 1968, 1969 ndi 1970 chiŵerengero cha ndudu zosutidwa ndi munthu mmodzi pa chaka chinkatsika chaka ndi chaka. Mu 1969 makampani a fodya adauza nyumba ya malamulo kuti adali okonzeka kusiya kutsatsa pa wailesi ndi pa wailesi yakanema. Pulezidenti Richard Nixon adasaina lamulo loletsa kutsatsako pa 1 Epulo 1970, ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 2 Januwale 1971. Koma apa padali msampha. Mauthenga otsatsa atachoka, lamulo lokakamiza nyumba zoulutsa mawu kupereka nthaŵi yaulere kwa otsutsa lidasoŵa pogwira. Mauthenga otsutsa adachepa kwambiri, makampani adasamutsira ndalama zawo ku magazini ndi zikwangwani, ndipo kusuta kudakweranso pang'ono kuyambira mu 1971 mpaka 1973. Akatswiri a zachuma ambiri amene adafufuza nkhaniyi adapeza kuti mauthenga otsutsa aja ankachepetsa kusuta kwambiri kuposa momwe otsatsa ankakuwonjezera.

Mlandu uli kwa yani?

Pa 22 Epulo 1971 padaonetsedwa uthenga wina wotchuka wa bungwe la Keep America Beautiful. Munthu wovala ngati mmodzi wa eni nthaka a ku America akupalasa bwato pa mtsinje wodzaza zinyalala. Atafika pamsewu, wina akutaya zinyalala pa mapazi ake kuchokera m'galimoto, ndipo msozi ukutsika patsaya lake. Mawu omaliza ankati anthu ndiwo amayambitsa uve ndipo anthu omwewo angathe kuuthetsa.

Uthengawu udakhudza mitima ya anthu ambiri, koma udali ndi zinthu ziŵiri zimene oonera sankazidziŵa. Choyamba n'chakuti woseŵerayo, Iron Eyes Cody, sadali wa mtundu wa eni nthaka konse. Makolo ake adachokera ku Italy, monga nyuzipepala ina ya ku New Orleans idaululira mu 1996. Chachiŵiri n'chakuti bungwe la Keep America Beautiful lidakhazikitsidwa mu 1953 ndi makampani opanga zitini, mabotolo ndi zakumwa. Otsutsa adati uthengawo udasenzetsa mlandu wonse munthu wotaya botolo, pamene makampani opanga mabotolo ogwiritsa ntchito kamodzi ankalimbana ndi malamulo owakakamiza kulandiranso mabotolowo. Mu 2023 bungweli lidasiya kugwiritsa ntchito uthengawu ndipo lidapereka umwini wake ku bungwe la eni nthaka la National Congress of American Indians.

Njira ya ku Britain

Ku Britain boma lenilenilo ndilo linkakonza mauthengaŵa. Mu 1946 lidakhazikitsa ofesi yotchedwa Central Office of Information imene idaloŵa m'malo mwa unduna wofalitsa nkhani wa nthaŵi ya nkhondo. Ofesiyi inkapanga timafilimu tatifupi timene nyumba zoulutsa mawu zinkatsekera mipata pakati pa mapologalamu. Tambiri tinkalunjika kwa ana. Mu 1973 kadatuluka kafilimu ka Lonely Water, kokhala ndi mawu a Donald Pleasence, kamene kankaonetsa mzimu wovala mkanjo wakuda ukudikira ana oseŵera pafupi ndi maiŵe. M'zaka zomwezo David Prowse ankaphunzitsa ana kawolokedwe ka msewu monga Green Cross Code Man. Dzikoli lidali litaletsa kale kutsatsa ndudu pa wailesi yakanema mu 1965.

Ntchito yaikulu ya mtunduwu idali ya matenda a Edzi mu 1986 ndi 1987, pamene nduna ya zaumoyo idali a Norman Fowler. Uthenga wina udaonetsa mwala wa pamanda ukusemedwa dzina la matendaŵa, wina phiri la madzi oundana limene mbali yake yaikulu idabisika m'nyanja. Mawu ake ankati munthu asafe chifukwa cha umbuli. Chofunika kuchizindikira n'chakuti kanemayo sadali yekha. Boma lidatumizanso kapepala kofotokoza za matendaŵa kunyumba iliyonse m'dzikomo, ndipo uthenga wa pa kanema unkauza anthu kuti akaŵerenge kapepalako. Mantha ankangokopa chidwi, pamene malangizo enieni adali m'zolembedwa. Ku Australia, uthenga wa mu 1987 woonetsa imfa ikugwetsa anthu ngati zidole udadzudzulidwa pambuyo pake kuti udawonjezera tsankho kwa odwala. Ofesi ya ku Britain ija idatsekedwa mu 2012 boma litachepetsa ndalama zofalitsira mauthenga.

Kodi ndalama zambiri zimabweretsa zipatso?

Mfundo yopatsa mpata mbali zonse ziŵiri idathetsedwa ku America mu 1987, ndipo malamulo oyang'anira nyumba zoulutsa mawu adafeŵetsedwa m'zaka zomwezo. Pofuna kuti mauthenga azioneka pa nthaŵi imene anthu ali maso, boma lidayamba kugula nthaŵi monga amachitira amalonda. Kuyambira mu 1998 lidawononga ndalama zoposa madola 1 biliyoni pa mauthenga oletsa achinyamata mankhwala ozunguza bongo. Mu 2006 ofesi yolondoloza kagwiritsidwe ntchito ka chuma cha boma idanena kuti kafukufuku sadapeze umboni woti mauthengawo adachepetsa mchitidwewo. Ofufuza ena adaganiza kuti kubwereza nkhaniyo tsiku ndi tsiku kudapangitsa achinyamata kuona ngati anzawo onse amagwiritsa ntchito mankhwalawo. Mosiyana ndi zimenezi, mauthenga a mu 2012 a bungwe la zaumoyo la CDC, momwe anthu enieni amene adadwala chifukwa cha fodya ankaonetsa zipsera zawo, adachititsa anthu ambiri kuimba nambala ya telefoni yothandiza kusiya kusuta imene inkalembedwa kumapeto kwa ena mwa mauthengawo.

Mawu omaliza

Kuno ku Malaŵi wailesi yakanema ya boma idayamba kuulutsa mu 1999, ndipo mauthenga a zaumoyo ndi zaulimi adali atazoloŵereka kale pa wailesi ya MBC imene idakhazikitsidwa mu 1964. Lero mauthenga otere amalembedwa kapena kumasuliridwa m'Chicheŵa ndi alembi, akonzi ndi aphunzitsi ngati amene akuŵerenga nkhani ino. Mbiri imene tafotokozayi ikutipatsa zoyenera kufunsa tisanavomere ntchito yotere. Tidziŵe amene walipira uthengawo ndi amene uthengawo ukumusenzetsa mlandu. Tifunse ola limene udzaonetsedwe. Tionetsetsenso kuti ukuuza woonera chinthu chimodzi chimene angathe kuchita, monga kuŵerenga kapepala kapena kupita kuchipatala chapafupi, chifukwa munthu amene waopsezedwa osauzidwa chochita amangotsala ndi mantha, ndipo nthaŵi zina manthawo amakagwera odwala.