Mwera, Sukulu ndi Ndagala: Nyengo Yachisanu ku Makokola

Anthu ambiri akamva za ku Mangochi amaganiza za kutentha, thukuta ndi udzudzu basi. Kuno kukoleji anzanga ochokera ku Dedza amandiseka ndikanena kuti kwathu kumazizira. Ine ndinabadwira ndi kukulira ku Makokola, m'mbali mwa msewu wochokera paboma la Mangochi kupita ku Monkey Bay, makilomita oposa 20 kuchokera pabomapo. M'nkhani ino ndifotokoza momwe anthu akwathu amakhalira m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, makamaka momwe nyanja, sukulu ndi chinamwali zimalimbiranirana mwana mmodzi yemweyo.

Ndiyambe ndi dzina la nyengoyi. Tili kupulayimale tinkasokoneza mawu akuti dzinja ndi chisanu, chifukwa mabuku ena Achingerezi ankationetsa zithunzi za ana atavala zipewa zaubweya akusewera pa chipale chofewa, zinthu zomwe sitinazionepo. Pa Chichewa dzinja ndi nthawi yamvula, masika ndi nthawi yokolola, chisanu ndi nthawi yozizira, ndipo chilimwe ndi nthawi yadzuwa. Koma msodzi wa ku Makokola satchula kawirikawiri mawu akuti chisanu. Iye amangoti "nthawi ya mwera", chifukwa chimene chimasintha moyo wake ndi mphepo. Kuzizira kwenikweniko si kwakukulu: usiku wa mu Julayi kumatsika kufika pafupifupi madigiri 14, pomwe masana a mu Okutobala amapitirira madigiri 30. Komabe kwa mwana wopanda juzi, wokhala pansi pasimenti kapena pansi pa mtengo nthawi ya 7 koloko m'mawa, madigiri amenewa ndi okwanira kumugwedeza mano.

Mwera ndi mphepo yochokera kummwera chakummawa. Umasiyana ndi mpoto umene umawomba kuchokera kumpoto nthawi yamvula. Ukayamba umatha masiku angapo osaleka, ndipo nthambi ya boma yoona zanyengo imachenjeza asodzi pawayilesi kuti asalowe m'madzi. Anthu a m'mbali mwa nyanja samachita nawo chibwana, pakuti mbiri imatiuza kuti pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi chifukwa cha namondwe, ndipo anthu 145 anafa. Ngati sitima yachitsulo inalephera, nanga bwato losema? Choncho mwera ukakula mabwato amakokeredwa kumtunda, alovi amakhala pamchenga kusoka chilimira ndi kusewera bawo, ndipo chilumba cha Boadzulu chimangooneka patali mbalame zokhazokha zikuuluka.

Chodabwitsa n'chakuti mphepo yomweyi ndiyo imadyetsa nyanja. Mwera umakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto, ndipo kummwera kuno madzi ozizira apansi amakwera pamwamba atanyamula chonde. Chondecho chimameretsa tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi, timene timadyedwa ndi tizilombo tomwe usipa umadya. N'chifukwa chake chigawo chakummwera cha nyanja ya Malawi chili ndi nsomba zambiri kuposa zigawo zina, ndipo si mwangozi kuti kampani ya Maldeco ndi sukulu yausodzi ya ku Mpwepwe zili dera lomweli.

Apa ndiye pamene nkhani ya sukulu imalowera. Kuyambira mu 2010 chaka cha sukulu chinasinthidwa kuti chiziyamba mu Sepitembala ndi kutha mu Julayi. Izi zikutanthauza kuti teremu yachitatu, yomwe ili ndi mayeso okwezera ana kalasi, imagwera pakati penipeni pa mwera. A Sitandade 8 amakhala atalemba kale mayeso awo aboma, kawirikawiri mu Meyi, ndipo a Folomu 4 amalemba awo chakumapeto kwa Juni ndi mu Julayi. Sukulu zapulayimale zimagawidwa m'mazoni, zoni iliyonse ili ndi mlangizi wake wamaphunziro, ndipo nyengoyi ndi imene sukulu za m'zoni zimapikisana pa mpira wamiyendo, wamanja ndi kuthamanga. Tsiku la mpira mudzi wonse umakhamukira kubwalo, amayi akugulitsa mbatata yootcha, mtedza ndi zitumbuwa, pakuti anthu angokolola kumene. Pa 6 Julayi, tsiku lokumbukira ufulu umene dziko lathu linalandira mu 1964, sitinkapita kusukulu, ndipo madzulo ake kunkakhala mpira wa midzi.

Koma mwera sudziwa za kalendala ya sukulu. Ukawomba sabata yathunthu, m'nyumba za asodzi ndalama zimatha. Tsono tsiku limene nyanja yagwa bata aliyense amathamangira kudooko. Usiku nyali za asiginala zimadzaza nyanja ngati tawuni, ndipo m'mawa usipa umafunika manja ambiri: kuutsitsa m'boti, kuutsuka, kuuyanika pathandala ndi kuutembenuza. Manja otsika mtengo ndi a ana asukulu.

Ndili Sitandade 6 ndinkakhala desiki imodzi ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, yemwe pa masamu ankandiposa kutali. Chaka chimenecho mwera unawomba masiku ambiri, kenaka unaleka usiku wa Lamlungu, mawa lake tikuyamba mayeso. M'mawa ndinamupeza akunyamula beseni. Nditafunsa amalume kuti, "Amalume, nanga mayeso aja?" anandiyankha mosakwiya kuti, "Mphwanga, mayeso adzabweranso chaka chamawa, koma bata ili likhoza kutha mawa. Ukufuna tidye pepala?" Msuweni wangayo anajomba masiku atatu, anabwereza kalasi, ndipo chaka chotsatira anachita manyazi kukhala ndi ana aang'ono n'kusiyiratu. Lero ndi mlovi ndipo ali ndi ana awiri. Kwa zaka zambiri ndinkawaimba mlandu amalume, koma tsopano ndimaona kuti iwo ankawerenga bwino kalendala yawo, yomwe inali yosiyana ndi ya aphunzitsi. M'nyumbamo munalibe ufa, ndipo phala lakusukulu linkadyetsa mwana mmodzi pomwe beseni la usipa linkadyetsa banja lonse.

Kalendala yachitatu ndi ya chinamwali. Anthu ambiri akwathu ndi Ayao, ndipo sukulu zikangotsekera kumapeto kwa Julayi ng'oma zimayamba kulira. Anyamata amapita ku jando, atsikana ku nsondo. Anyamatawo amakakhala kundagala, misasa yaudzu yomangidwa kutchire, m'manja mwa anakanga ndi alombwe, atadulidwa ndi angaliba. Zimene zimaphunzitsidwa kumeneko sindingazilembe pano, pakuti nanenso ndinalonjeza. Chimene ndingafotokoze ndi chifukwa chake mwambowu umachitika nyengo imeneyi. Akuluakulu amati bala limapola msanga kukamazizira. Chachiwiri, nkhokwe zimakhala zodzaza, choncho makolo amatha kutumiza chakudya kundagala tsiku ndi tsiku. Chachitatu, ntchito yakumunda imakhala itachepa ndipo udzu womangira misasa umakhala utauma. Tsiku lotuluka anamwali amavala zovala zatsopano, amayi amavina manganje mumsewu mpaka magalimoto opita kumahotela a ku Nkopola ndi Makokola amaima kudikira, ndipo achibale amafupa ana ndalama.

Kale vuto linali lakuti ndagala zina zinkayamba sukulu isanatseke kapena kupitirira itatsegulira. M'zaka zapitazi mafumu ambiri a m'boma la Mangochi anakhazikitsa malamulo a m'midzi akuti chinamwali chizichitika patchuthi pokha, ndipo ophwanya lamulo amalipitsidwa chindapusa. Makolo enanso amayamba atengera mwana kuchipatala kuti akadulidwe kumeneko, kenaka n'kumupereka kundagala kuti akalandire mwambo. Apa tikuona kuti mwambo ndi sukulu zinakhala pansi n'kugawana miyezi, ndipo palibe chimene chinafa.

Ndisaiwale za kusala. Chaka cha Chisilamu chimatsata mwezi, choncho Ramadani imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Pamene ndinali kupulayimale, m'zaka za 2014 mpaka 2016, inkagwera mu Juni ndi Julayi. Agogo ankati tinali ndi mwayi, pakuti masana anali aafupi ndipo ludzu silinkavuta. Mu 2025 Ramadani inagwera mu Malichi, choncho ana a masiku ano sadziwa kukoma kwa futali wotentha madzulo a mwera.

Pomaliza, funso limene ndatsala nalo ndi ili: ngati mafumu ndi aphunzitsi anagwirizana pa za ndagala, n'chifukwa chiyani sangagwirizanenso pa za dooko? Mwera sungalamulidwe, koma makomiti a m'madooko alipo kale ndipo angathe kuletsa eni maboti kulemba ana ganyu sabata ya mayeso. Nawonso aphunzitsi aakulu angathe kupatsa mwana amene wajomba mwayi wolemba tsiku lina, m'malo momubwezetsa chaka chathunthu. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndikapita kwathu patchuthi cha Ogasiti msuweni wanga amandipatsa usipa wouma woti ndidzadyere kuno kukoleji, ndipo mwana wake woyamba ayamba Sitandade 1 posachedwapa. Ndinamulonjeza kuti juzi ya mwanayo ndidzagula ndine.