Mphini zamakono: khungu silifufutika!

Agogo athu ankatema mphini ndi lumo n'kupakamo makala. Lero ana a mabwana ku Area 10 ndi Area 43 akuzitcha "tatu", ndipo amalipira bwino.

Ine ndimalemba zikwangwani mumsika wa Lilongwe, ndiye anyamata amandifunsa: "Achimwene, tiyambire pati?" Ndimati yambani papepala. Mmisiri sangakugwiritseni singano asanaone buku la zojambula zanu. Sankhani zithunzi 20 zabwino zokhazokha: zilembo, maluwa, nkhope, chambo. Zikhale zanuzanu, osati zokopera pafoni.

Pepala ukalakwitsa umang'amba, koma khungu la munthu ayi. Komanso singano imodzi, munthu mmodzi, Edzi ilipobe.

Tsono amalonda anzanga, mwana akamajambula pamakatoni musam'kalipire. M'gulireni kope!